Khwimirani utcheyamani ndi liwu limodzi: suggest

Inu a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi amene mukulota utcheyamani wa VDC kapena wa banki m'khonde, musatayire mbuzi kwa sing'anga. Chizimba chake ndi liwu limodzi la Chingerezi: suggest.

Yambani mwadziwa kwawo kwa liwuli. Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500 kuchokera ku Chilatini, suggerere. Sub ndiye pansi, gerere ndiye kunyamula. Mwaonatu, chibadwire chake ndi katundu wodzera kunsi, ngati kaenivelopi kodutsa pansi pa tebulo. Liwu lotere silichititsa mwini wake manyazi.

Ntchito yake yoyamba ndi kupereka ganizo popanda kulisenza. Mjigo ukawonongeka, imirirani, konzani kolala, nenani kuti, "I suggest tisonkhe K2,000 pakhomo." Madzi akatuluka, ulemu ndi wanu. Ndalama zikamera miyendo, tambasulani manja: "Inetu ndinangopanga suggest, anavomera ndinu." Paja mutu umodzi susenza denga, ndiye mlandu muusenzerenji nokha?

Yachiwiri ndi kulamula mwakachetechete. Abwana akabwera pa galimoto yoyera kuchokera ku Lilongwe nkunena kuti "May I suggest", musayerekeze kutsutsa. Limenelo ndi lamulo lovala jekete. Ombani m'manja, alawansi isanabwerere komwe yachokera. Akachoka, kayeseni pa komiti yanu.

Yachitatu ndi kulosera mosadzimanga. Mitambo ikaunjikana pa phiri la Ntchisi, osauza anthu kuti mvula igwa, abzale soya. Nenani kuti mitambo ikupanga suggest mvula. Ikapanda kugwa, wabodza ndi mtambo. Akadaulo a kafukufuku amadyera pomwepa.

Koma chizimba chilichonse chili ndi zoletsa zake. "Suggest me" ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo "I suggest to go" mwana wa Fomu 2 ku Robert Blake akusekani mpaka mutsike phiri la Kongwe. Mwini chiyankhulo amati "I suggest going" kapena "I suggest that we go". Mukaiwala, tsokomolani pakati pa chiganizo, palibe adzazindikire.

Chenjezo lalikulu ndi ili: musalisokoneze ndi msuweni wake, propose. Ameneyu anadzera ku Chifalansa, ndipo tanthauzo lake ndi kuika chinthu patsogolo, poyera. Pamsonkhano amafuna wina woti asekonde, dzina lanu n'kulowa m'maminitsi. Mukamutchula kwa namwali pamsika wa Mponela kapena pa Malomo, mawa lake amalume ake akufunsa za ankhoswe, chaka chisanathe muli pachikamwini, khasu paphewa.

Choncho abale anga, propose asiyireni olimba mtima. Inu gwirani suggest, mudzakalamba pampando opanda mlandu, ngakhale mjigo ukhale wouma.