Kodi Kamera Ikakula, Mkwatibwi Amakongolerako?

Ndikupempha wina andimasulire nkhani ya full-frame, koma andimasulire mofatsa, poti ine za makamera ndinazisiyira pa filimu. Anyamata ojambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe masiku ano pakamwa pawo pali mawu amodzi: amene alibe kamera ya full-frame sanayambe ntchito, akungoseweretsa chala. Mwana wa mlongo wanga ali m'gulu lomwelo. Ali ndi Canon 600D imene yakhala ikumulipirira lendi ndi kumugulira ufa, koma lero akuti yamuchepera. Mtima wake uli pa Canon 6D yakaunjika, ndipo poti mwini mbumba ndine, nkhaniyi yafikira kwa ine isanapite kubanki m'khonde.

Ndalama sindinakane. Ndinangofunsa kuti full-frame yakeyo n'chiyani.

Akuti mkati mwa kamera, kuseri kwa lenzi, pamene kale pankagona filimu, pali kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensa. Ya mu 600D m'litali ndi mamilimita 22.3, m'lifupi 14.9. Ya mu 6D ndi 36 kwa 24. Ndinatenga pensulo n'kuchulukitsa: uku 332, uko 864. Ndiye kuti yaikuluyo ikuposa inzake kawiri ndi theka, n'kapamwamba pang'ono. Mpaka apa ndinamva. Koma bwanji 36 ndi 24? Bwanji osati 40 ndi 30, manambala osavuta kusunga m'mutu? Anakhazikitsa muyesowu ndani, pa msonkhano wanji?

Mnyamatayo anangokanda m'mutu, choncho ndinakafufuza ndekha. Msonkhano panalibe. Panali munthu mmodzi, Oskar Barnack, wogwira ntchito pa kampani ya Leitz mumzinda wa Wetzlar ku Germany. Bamboyu ankadwala mphumu, pamene makamera a nthawi yake anali zimabokosi zolemera zoimika pa miyendo itatu. Anatenga filimu ya kanema ya mamilimita 35, imene chithunzi chilichonse chinali 18 kwa 24, n'kuigoneka chammbali kuti malo a zithunzi ziwiri akhale a chimodzi. Kamera yake, Leica, inayamba kugulitsidwa mu 1925, ndipo akatswiri ambiri a masiku amenewo anaiderera poti chithunzi cha pa filimu yake chinali chaching'ono kwambiri. Tsono chimene chinali chaching'ono mu 1925 chasanduka bwanji chachikulu lero, popanda kuwonjezerapo ngakhale milimita imodzi?

A msinkhu wanga mukumukumbukira wojambula wa pa njinga, uja ankafika Lamlungu anthu akutuluka m'tchalitchi, kamera ili lende pakhosi, thalauza atalimanga ndi mphira m'akakolo kuopa tcheni. Ankatiimika pafupi ndi maluwa, n'kutiuza kuti tisaphethire, n'kulandiriratu theka la ndalama. Zithunzi ankabwera nazo filimu yonse ya zithunzi 36 ikadzaza, akakaitsukitsa kutauni, mwina patatha mwezi. Filimu imeneyo inali ya muyeso wa Barnack womwewu. Ndiye kuti bambo uja anali kale ndi full-frame? Nanga bwanji pa zithunzi zake zina tinkatuluka opanda mapazi, ena maso ali psuu?

Muyesowo unatsika chonchi: makamera a digito atabwera, kupanga sensa yaikulu kunali kodula koopsa. Masensa amadulidwa pa chimbale chimodzi cha silicon. Akakhala aakulu amatulukapo ochepa, ndipo kachilema kamodzi kamatayitsa sensa yathunthu. Makampani anachepetsa muyeso, n'kutipatsa masensa aang'ono otchedwa APS-C, onga ya mu 600D. Makamera a digito a full-frame anayamba kuoneka mu 2002, Contax N Digital ndi Canon EOS-1Ds. Mu 2005 Canon 5D inatuluka pa madola pafupifupi 3,300, anthu n'kumaomba m'manja kuti yatchipa. Nikon inadikira mpaka 2007 kuti itulutse D3. Iyi ya 6D ndi ya 2012, pamene 600D ndi ya 2011. Zasiyana chaka chimodzi basi. Kodi kumeneku ndi kukwera, kapena ndi kubwerera pamene tinali kale, koma titalipira?

Mwina zithunzi zimachuluka timadontho, ndinaganiza motero, poti m'masitolo amatiopseza ndi ma megapixel. Ayi. 600D ili ndi 18, 6D ili ndi 20.

"Malume, nkhani si kuchuluka kwa timadontho, ndi kukula kwake," anatero mnyamatayo. "Kukamagwa mvula yamawawa, wina atchere beseni, wina atchere kambale ka ndiwo. Atunge madzi ambiri ndani?"

Kuwala ndiye mvulayo, akuti. Masana dzuwa lili phwee, kamera iliyonse imakhuta. Koma m'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, kapena mu holo madzulo perekaniperekani ali mkati magetsi n'kuthima, wojambula amakweza nambala ya ISO kuti kamera ione mumdima, ndipo sensa yaing'ono imayamba kutulutsa mchenga. Apa sindikutsutsa. Zithunzi zotere ndaziona: suti yakuda ya mkwati itadzaza timaanga tofiira ndi tobiriwira, nkhope ya mkwatibwi ili phulusaphulusa. Ngati sensa yaikulu imachotsa zimenezo, ntchito ilipo ndithu.

Koma kuwalako kumalowera pati? Si pa lenzi? Ndinapempha kuti ndione lenzi imene amagwiritsa ntchito. Ndi ija inabwera m'katoni limodzi ndi kamera, yolembedwa 18-55mm, ndipo pambali pake pali manambala ena, 3.5-5.6. Akuti amenewo amanena kukula kwa khomo lolowera kuwala, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti khomo lakula (amene anakonza zimenezi sankafuna kuti ife tizimve msanga). Akaikokera pa 55mm, lenziyi siitseguka kuposa f/5.6. Komatu pali lenzi ina ya Canon yomweyo, 50mm f/1.8, imene yatsopano inkagulidwa madola pafupifupi 125. Ndinabwerera ku pensulo. Ukagawa 5.6 ndi 1.8 umapeza 3.1, ndipo poti khomolo ndi lozungulira, umachulukitsa 3.1 ndi 3.1 inzake. Yankho likuyandikira 10. Lenzi yotchipayi imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi, pa kamera yomwe ali nayo kaleyo. Sensa yaikulu, ya ndalama zambirimbiri, ikulonjeza kawiri ndi theka. Ine sukulu ya zithunzi sindinapiteko, koma kodi 10 sinaposenso 2.6? Bwanji anyamatawa akuthamangira chodula chopereka pang'ono, kusiya chotchipa chopereka zambiri?

Ndipo pofunsafunsa ndinatulukira kuti lenzi ya 18-55mm ija pa 6D siilowa n'komwe. Ndi ya mtundu wa EF-S, wopangidwira masensa aang'ono, ndipo Canon inaikonza mwadala kuti isamangike pa kamera ngati 6D. Anzathu a Nikon zawo zimalowa, koma kamera imangogwiritsa ntchito pakati pa sensa, m'mbali monse n'kutaya, moti ya ma megapixel 24 imatsala ndi 10. Fulashi yaing'ono imene imatumphuka pamwamba pa 600D, pa 6D palibe, igulidwe payokha. Lenzi imene ojambula maukwati amaisirira, 24-70mm f/2.8, yatsopano ili cha m'madola 2,000 ndipo imalemera magalamu 800. Ndiye tikugula kamera, kapena tikugula chifukwa chogulira zinthu zina?

Mnyamatayo sanagonje, ndipo yankho lake linali lomveka. Sensa yaing'ono imaona pakati pokha pa zimene lenzi yabweretsa, moti 50mm pa 600D imaona mopanikiza ngati 80mm. Pa chinkhoswe cha m'nyumba, pabalaza pothina, amabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, koma ankhoswe a mbali imodzi n'kukhalabe kunja kwa chithunzi. Pa full-frame 50mm imakhala 50mm, ndipo lenzi yotambasula imatambasuladi. Chabwino. Nanga lenzi yotambasula yopangidwira kamera yake yomweyi kulibe? Iliko, akuti, ya 10-18mm, yosadulanso kwenikweni. Anayankha akuyang'ana kumbali.

Chimene chimamusangalatsa kwambiri ndi china. Anandionetsa pa foni chithunzi cha mnzake wa full-frame: mkwatibwi akuoneka bwinobwino mpaka nsidze, koma kumbuyo kwake konse kuli mbuu, mitundu yokhayokha yosungunuka. Akuti sensa ikakula, chimbuuzi chimenechi chimabwera mosavuta, ndipo ndicho chizindikiro cha katswiri. N'chokongola, sindikana. Koma kumbuyo kumene kwafufutikako kunali chiyani? Si nsalu ndi maluwa zimene komiti inalipira wokongoletsa holo ndalama zankhaninkhani? Si azakhali amene anakwera minibasi usiku kuchokera ku Mchinji, atasoketsa chitenje cha yunifolomu, kuti adzaoneke nawo? Kwathu kuno ukwati si wa anthu awiri. Pa chithunzi cha banja pamaima mizere itatu, ana atakhala pansi kutsogolo, ndipo aliyense akachilandira amayamba wafunafuna nkhope yake. Kuti mizere yonse ioneke, wojambula ayenera kuchepetsa khomo la lenzi mpaka f/8 kapena kuposerapo, ndipo ndi sensa yaikulu ayenera kulichepetsa kwambiri kuposa ndi yaing'ono. Kuwala kuja tinagula modula, apa sitikukubwezanso pakhomo?

Tsono zithunzizo zikajambulidwa zimapita kuti? Kale zinkapita mu alubamu. Lero zimapita pa WhatsApp. Chithunzi chimachoka mu kamera chili cholemera ma megabyte 20 ndi kuposa, mnyamata n'kuchezera usiku pa laputopu kuchikonza, kenako WhatsApp n'kuchifinya mpaka osakwana megabyte imodzi kuti bandulo ya anthu isathe. Agogo amachionera pa foni yong'aluka galasi, padzuwa, atatchinga ndi dzanja. Chikatsukidwa pa pepala la masentimita 10 kwa 15, ma megapixel awiri okha amakwana. Chimodzi kapena ziwiri ndizo zimakulitsidwa n'kuikidwa mu fulemu pabalaza, ndipo zimenezo nthawi zambiri zimajambulidwa panja, pa kapinga, dzuwa lilipo. Ubwino wa sensa yaikulu umafika bwanji m'maso mwa amene walipira? Umadutsa njira iti?

Ndamvanso kuti ojambula mbalame ndi nyama, onga amene amapita ku Liwonde, ambiri amaikonda dala sensa yaing'ono, poti lenzi ya 300mm pa Canon yotere imakoka ngati 480mm. Chimene wina akuchithawa, wina akuchifunafuna. Kumwambanso makwerero sanathe: kuyambira 2017 Fujifilm ikugulitsa makamera a GFX a sensa ya 44 kwa 33, ndipo mu 2018 Canon ndi Nikon zinatulutsa makamera a full-frame opanda kalilole mkati, okhala ndi pomangira lenzi patsopano. Mnyamata akadzagula 6D, chaka chamawa sadzabweranso kudzandiuza kuti za kalilole zinatha?

Za kaunjika nazo zili ndi mafunso ake. Chitseko cha mkati chimene chimati thwa pojambula chili ndi moyo wowerengeka. Cha 6D anachiyesa kuti chimafika zithunzi 100,000. Kamera ya 2012 imene yadutsa m'manja mwa ojambula maukwati ku Johannesburg kapena ku London yatsala ndi zingati? Wogulitsa amaonetsa nambala imeneyi, kapena amangopukuta kunja? Chikathyoka Loweruka m'mawa, mkwatibwi ali pakhomo la tchalitchi, amakonza ndani, ndipo chitsulo chake chichokera kuti? Zonsezi mitengo yake ndi ya madola, pamene maukwati amalipira makwacha, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023.

Nditamupanikiza ndi mafunsowa, mnyamatayo anaulula chenicheni. "Malume, inu simudziwa. Pa ukwati aliyense ali ndi foni yojambula bwino. Ukafika ndi kakamera kakang'ono, a komiti amakuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kukudula mtengo. Anzanga akangoti full-frame, kasitomala satsutsanso."

Ili ndiye yankho limene ndinalimva bwino kuposa onse, ndipo sindikuliseka. Munthu amagula suti yofunsira ntchito ngakhale suti siigwira ntchito. Koma sensa ili mkati, yotsekeredwa. A komiti amaiona bwanji? Akaona chikamera chachikulu chokhala ndi chogwirira cha mabatire pansi ndi fulashi pamwamba, amadziwa kuti mkatimo muli mamilimita 36 kapena 22? Ngati chimene chikugulitsa malonda ndi mawu awiri a Chingerezi otchulidwa molimba mtima, ndiye kuti amene akulipira ngongole ya banki m'khonde miyezi khumi akulipirira zithunzi, kapena akulipirira ufulu wotchula mawuwo?

Inu ojambula amene munagula kale full-frame, tithandizeni ndi manambala, osati ndi chithunzi cha mbuu kumbuyo. Kamera, malenzi ndi fulashi pamodzi zinakudyerani zingati? Mutagula, mtengo wanu pa ukwati umodzi unakwera ndi zingati, ndipo panapita maukwati angati kuti ndalamayo ibwerere? Ndipo mutiuze moona: ndi kasitomala uti amene anaona zithunzi n'kuzindikira yekha kuti mwasintha kamera, inu musanamuuze?