Samva wa masiku ano amayendetsa Vitz

Akuluakulu anati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Nkhwangwa zinachepa m'tauni muno, koma Samva akadalipo, wanenepa ndithu. Pano ali ndi Vitz ya ku Japan, yotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe.

Makaniko anamuuza tsiku loyamba lomwe: "Bwana, oyilo wambayu muzisintha mukayenda makilomita 5,000, pamodzi ndi fyuluta yake. Wodula uja, wa sinthetiki, amatha kufika 10,000, koma ndi fumbi lathuli musamuyese." Samva anavomera ndi mutu, maso ali pa foni. Buku la galimotoyo nalonso limanena za kusintha oyilo, kungoti linalembedwa m'Chijapani, ndiye ntchito yake n'kukupizira mphepo mu Okutobala.

Luso la Samva ndi kuthirirapo. Akasolola kachitsulo koyezera n'kuona kuti oyilo watsika, amagula lita imodzi n'kukhuthulira pamwamba pa wakale uja, ngati mnyamata wa pachiwaya amene mafuta ake akukumbukirabe tchipisi cha chaka chatha. Akatero amati wachita sevisi. Chonsecho mwaye, fumbi ndi tizitsulo toperepeseka zili momwemo, ndipo watsopanoyo akangolowa amatengera khalidwe la eni mudzi.

Alinso ndi mlamu wake, amene galimoto yake imadziwa njira ziwiri zokha, ya kutchalitchi ndi ya kumsika. "Ine ngakhale 2,000 sindinakwanitse," amatero monyadira. Komatu oyilo amakalamba ngakhale galimoto itagona pakhonde. Timaulendo tifupitifupi sitipatsa injini mpata wotentha mokwanira kuti chinyezi chituluke, choncho chaka chisadutse oyilo asanakhetsedwe. Nanga maola aja oima pamzere pa mlatho wa Lilongwe, injini ikulira koma makilomita osawerengeka, amawalemba ndani?

Kenako kamayaka kanyali kofiira. Samva amakatenga ngati chikumbutso chaulemu, choti achione mwezi ukatha. Kanyalika kamatanthauza kuti oyilo sakufika kumene akufunika, zimitsani injini pompano. Iye amakweza wailesi.

Zimadzachitikira pa msewu wa M1, kupitirira Dedza, galimoto itadzaza abale ndi mphatso za chinkhoswe. Pansi pa boneti pakumveka go! go! go! Makaniko yemwe uja amafika pa kabaza, n'kutchera khutu kamodzi kokha.

"Bwana, yanoka."

Malita atatu a oyilo tsopano asanduka mtengo wa injini yonse. Samva wakhala pamwala, dzanja lili kutsaya, ndipo akuuza apongozi kuti zimenezi si zabwinobwino, pali munthu wina kuntchito amene sanasangalale atagula galimoto.