Chala Chachiwiri pa Mpira wa ku America

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Makolo amene anasiya mwambiwu ankanena za kuthandizana pa ntchito, ndipo palibe umboni woti ankadziwa za mpira wa ku America. Komabe makochi a matimu 32 a mu ligi ya NFL amatuluka nawo thukuta mwambiwu chaka ndi chaka akamasankha wosewera wotchedwa wide receiver wachiwiri. Chovuta n'chakuti mwambiwo unathera panjira. Unanena kuti zala zikhale ziwiri, koma sunatchule kuti chachiwiricho chikhale chiti: mkombaphala, chapakati, kapena kachala kakumapeto kaja kamene ntchito yake yodziwika ndi kukanda m'khutu.

Mpira umenewu amausewera kwambiri ndi manja, ngakhale kuti dzina lake limatchula phazi. Timu iliyonse imalowetsa anthu 11 m'bwalo. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ndipo ikafikitsa mpirawo kumapeto kwa bwalo imapeza mapointi 6. Woponya mpira amatchedwa quarterback, ndipo ma wide receiver ndi anyamata aliwiro amene amaima cha m'mphepete, n'kuthamangira kutsogolo kuti akawakhe zimene waponyazo. Pafupifupi timu iliyonse ili ndi mmodzi wodziwika, amene dzina lake ana amavala kumsana. Ameneyo ndiye chala chachikulu, ndipo kumusankha sikuvuta chifukwa amaonekera yekha ngati chulu pa dambo.

Tsoka lake n'lakuti adani nawonso amamuona. Amamuikira alonda awiri, wina womutsatira phazi ndi phazi, wina womudikirira kumbuyo. Koma anthu ndi 11 basi, choncho mlonda amene wapita kukathandiza mnzake wasiya mpata kwina. Apa ndi pamene chala chachiwiri chimafunika. Chikakhala chofooka, alonda awiri aja amakhala pa woyambayo mpaka masewera kutha, nsabwe n'kumayenda mwaufulu. Chikakhala chakuthwa, adani amayenera kusankha mbali imene alumidwire.

Chitsanzo chimene anthu okonda masewerawa saiwala chinachitika mu January 1989 ku Miami, pa Super Bowl, masewera omaliza olimbirana ukatswiri wa ligiyi, pakati pa San Francisco 49ers ndi Cincinnati Bengals. Jerry Rice, chala chachikulu cha San Francisco, anawakha mipira 11 ya mayadi 215. John Taylor, wachiwiri wake, anatha pafupifupi masewera onse osawakha ngakhale umodzi woponyedwa ndi quarterback wawo, Joe Montana. Kutatsala masekondi 34, Bengals ikutsogola 16 kwa 13 ndipo maso a aliyense ali pa Rice, Montana anaponyera Taylor pa mtunda wa mayadi 10, ndipo San Francisco inapambana 20 kwa 16. Mphoto ya wosewera bwino koposa inapita kwa Rice. Imeneyi ndiyo ntchito ya chala chachiwiri: chimaswa nsabwe, anthu n'kuyamikira chala chachikulu.

Posankha munthu wotereyu, kochi wanzeru safuna mapasa a woyamba uja. Amayang'ana chimene woyambayo alibe. Ngati ndi wamtali wokonda kulimbirana mipira ya m'mwamba, wachiwiri akhale waliwiro wokokera alonda kutali. Ngati woyamba ndi mphenzi yothamangira kutali, wachiwiri akhale wolimba mtima wowakha mipira yaifupi pakati pa bwalo, kumene munthu amagundidwa asanatsitse n'komwe manja. M'mabuku a makochi malo awiriwa amalembedwa ndi zilembo. Wa X amaima pa mzere penipeni, maso ndi maso ndi mlonda wake, pamene wa Z amaima kumbuyo pang'ono ndipo amaloledwa kuyenda mpira usanaperekedwe kwa quarterback. Nthawi zambiri wachiwiri amakhala Z. Palinso ntchito ina imene sionekera pa wailesi yakanema: mpira akaupereka kwa wothamanga nawo, wide receiver amayenera kutchinga mdani ndi thupi lake. Ambiri amaichita ngati mwana amene watumidwa kukatsuka mbale anzake akusewera. Hines Ward wa Pittsburgh Steelers ankaichita akumwetulira, ndipo makochi amamutchulabe akamadzudzula aulesi.

Msampha waukulu ndi wotchi. Chaka chilichonse, cha kumapeto kwa February, anyamata ochokera m'makoleji amasonkhana ku Indianapolis kuti ayezedwe msinkhu, kulemera, kudumpha, ngakhale kukula kwa chikhatho, monga amachitira ogula ng'ombe pa msika. Chimene chimakopa anthu kwambiri ndi mpikisano wa mayadi 40. Mu 2017 John Ross anathamanga mtundawu pa masekondi 4.22, liwiro limene linali lisanalembedwepo pa mayesowa, ndipo pa mwambo umene matimu amasankhira osewera atsopano ochokera m'makoleji, Bengals inamusankha pa nambala 9 kuti athandize A.J. Green, chala chake chachikulu. Chaka chake choyamba chinatha asanawakhe mpira ndi umodzi womwe. Anquan Boldin, amene mu 2003 anathera masekondi oposa 4.7 pa mtunda womwewo n'kuchititsa matimu ambiri kuyang'ana kumbali, anawakha mipira 101 m'chaka chake choyamba ku Arizona Cardinals. Wotchi imayeza miyendo, koma nsabwe siiswedwa ndi miyendo.

Mpikisano weniweni umachitikira ku kampu yokonzekera ligi imene imayamba kumapeto kwa July. Timu imabwera ndi osewera okwana 90, ndipo pofika kumapeto kwa August amatsala 53. Pa malo a wachiwiri pamakhala mitundu itatu ya anthu imene imabwerezeka chaka chilichonse. Pali mkulu amene miyendo yayamba kumukana koma amadziwa njira zonse ngati fisi wakale. Pali mnyamata wongobwera kumene amene amawakha mpira wodabwitsa Lolemba, Lachiwiri n'kuthamangira kumanzere pamene quarterback waponyera kumanja. Ndiye pali wachitatu amene wakhala pa benchi zaka zitatu, amene atolankhani amalemba mwezi wa August uliwonse kuti chaka chino ndiye chake. Kochi akafunsidwa amayankha kuti onse akuchita bwino, ndipo ochemerera amakangana mwezi wathunthu. Koma voti yolemera ndi ya quarterback, chifukwa munthu amene ali ndi masekondi osakwana atatu zimphona zisanamugwere amaponyera amene amamukhulupirira kuti apezeka pamalo pamene anagwirizana.

Mwambi uja sunanenenso kuti zala zimachitirana nsanje. Mpira ndi umodzi, ndipo uliwonse wopita kwa wachiwiri ndi umene woyamba ankaufuna. Ku New York Jets, Keyshawn Johnson, amene anasankhidwa pa nambala 1 mu 1996, ankasewera limodzi ndi Wayne Chrebet, mnyamata wamfupi wa ku koleji ya Hofstra amene palibe timu inamusankha. Johnson sankabisa kuti amamuona Chrebet ngati mwana wokondedwa wa makochi. Atasamukira ku Tampa Bay Buccaneers mu 2000, anadziyerekeza ndi nyenyezi ya kumwamba, mnzakeyo n'kumuyerekeza ndi tochi. Matimu awiriwa atakumana mu September chaka chomwecho, nyenyezi inawakha mpira umodzi wa yadi imodzi, ndipo tochi inawakha mpira umene unapambanitsa Jets 21 kwa 17 masewera atatsala pang'ono kutha.

Vuto lomaliza limabwera chala chachiwiri chikayamba kuganiza kuti nsabwe zonse zija chinkaswa chokha. Matimu ena amaganizanso chimodzimodzi, ndipo amabwera ndi ndalama. Alvin Harper anapambana Super Bowl kawiri ku Dallas Cowboys ali mu mthunzi wa Michael Irvin. Mu 1995 anapita ku Tampa Bay kukakhala woyamba, anapeza alonda awiri aja akumudikirira, ndipo patatha zaka ziwiri timuyo inamumasula. Peerless Price, amene dzina lake loyamba limatanthauza munthu wopanda wofanana naye, anawakha mipira 94 ku Buffalo Bills mu 2002 ali pambali pa Eric Moulds. Atlanta Falcons inapereka mwayi wake woyamba wosankha wosewera kuti imutenge, ndipo chaka chotsatira anawakha 64. JuJu Smith-Schuster anawakha mipira 111 ku Pittsburgh mu 2018, adani ali kalikiliki ndi Antonio Brown. Brown atachoka, nambala ija inatsika kufika pa 42, ngakhale kuti chilungamo chake n'chakuti chaka chimenecho iye ndi quarterback wake Ben Roethlisberger anavulala. Alipo amene anakwezedwa n'kukwanitsa. Reggie Wayne anadikira zaka zambiri kumbuyo kwa Marvin Harrison ku Indianapolis Colts, ndipo mpando utamufika anaukhala bwino.

Kusunga zala zonse ziwiri n'kodula, chifukwa ligi inaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Matimu ambiri amalola wachiwiri kupita akangoyamba kufuna malipiro a woyamba, n'kubwerera ku Indianapolis ndi wotchi m'manja. Bengals, imene inagonjetsedwa ndi chala chachiwiri mu 1989 n'kupsa ndi wotchi mu 2017, inasankha njira ina. Mu March 2025 inasainira Ja'Marr Chase mgwirizano wa zaka zinayi wa madola 161 miliyoni, ndipo Tee Higgins, wachiwiri wake, anapatsidwa wa zaka zinayi wa madola 115 miliyoni. Quarterback wawo, Joe Burrow, anali atanena poyera kwa miyezi ingapo kuti akufuna onse awiri atsale.