Bwana watsopano alibe alangizi

Ku Chongwe munthu akakwezedwa pa ntchito sumudziwira ku malipiro, chifukwa malipiro atsopano amayenda ngati lole ya makala pachitunda, amafika patapita miyezi. Umamudziwira ku moni. Amene Lachisanu madzulo anzake ankamuitana kuti "iwe boi", Lolemba m'mawa amalandira "mwauka bwanji, a bwana", ndipo "bwana" wakeyo amakokedwa pang'ono kumapeto, moti mwiniwake amaswera tsiku lonse akusinkhasinkha ngati unali ulemu kapena chipongwe. Chizindikiro chachiwiri ndi jekete, imene imavalidwa ngakhale mu Okutobala pamene mtsinje wa Chongwe waphwera ndipo phula likusungunuka. Chachitatu ndi buku. Loweruka loyamba bwana watsopano amakwera minibasi, kuyenda makilomita pafupifupi 45 a msewu wa Great East kukafika ku Lusaka, ndipo pakati pa mabuku oyalidwa m'mbali mwa Cairo Road amasankha lake: kaya malamulo 21 a utsogoleri a John Maxwell, kaya zizolowezi 7 za Stephen Covey. Lolemba bukulo limagona pa tebulo, mutu wake utayang'ana kwa alendo. Munthuyu sitiyenera kumuseka kwambiri. Wagula buku chifukwa amene anamukweza anamupatsa kalata, chidindo ndi makiyi, koma sanamupatse wina aliyense womulangiza, ndipo ntchito imene akuipereka kwa bukulo ndi yoti buku silingaithe.

Mabuku amenewa analembedwa ku America, ndipo ambiri amayerekeza ofesi imene anthu ake amakumana 8 koloko, kusiyana 5 koloko, aliyense n'kulowera kwake osaonananso mpaka mawa. Chongwe si wotero. Tauniyi inayala m'mbali mwa msewu umodzi, ndipo amene mwamulembera kalata yomuchenjeza m'mawa mukumana naye madzulo pa kantemba, Loweruka pa maliro, Lamlungu m'tchalitchi, kumene iye ndi mkulu wa mpingo ndipo inu ndinu membala wamba wa kwaya amene amachedwa ku mapulakatisi. Bwana watsopano ali m'chilimba chimodzi ndi akalaliki ake atatu, ndipo mwezi uno wolandira ndi uja amene amafika mochedwa masiku onse. Ali ndi ngongole ya K300 kwa mesenjala, imene anatenga mwana atadwala. Dalaivala wa ofesi ndi mlamu wa mkazi wake. Koposa zonse, anthu amenewa akudziwa mbiri yake. Akudziwa kuti chaka chatha ndi iye amene anaphunzitsa onse nzeru yosiya jekete pampando kuti aoneke ngati watuluka pang'ono pamene wapita kumunda ku Kanakantapa. Anyani sasekana zikundu, ndipo Maxwell, pa malamulo ake onse 21, alibe limodzi lofotokoza mmene mungaletsere chinyengo chimene munayambitsa nokha.

Tengani langizo lodziwika la m'buku la Ken Blanchard ndi Spencer Johnson la mu 1982, The One Minute Manager, loti wolakwa adzudzulidwe mwachidule, mphindi imodzi yokha. Mphindi imodzi ku Chongwe siikwanira ngakhale moni. Mudala wa zaka 58 akalowa mu ofesi, muyenera kufunsa za kunyumba, za amayi, za miyendo imene inkawavuta, za mvula. Ndipo mukafika pa mlandu, mudalayo wakukumbutsani kale kuti bambo anu anaphunzira nawo sukulu imodzi. Mukadumpha zonsezi n'kuyamba ndi mlandu monga buku likunenera, pofika nkhomaliro msika wonse wamva kuti mwana uja alibe mwambo. Ndiye palinso chimbuya. Ngati bwana ndi wa kum'mawa ndipo wantchito wake ndi Mbemba, wapansiyo ali ndi ufulu wobadwa nawo wouza bwana wake pamaso pa anthu kuti dongosolo lake latsopano likununkha mbewa, ndipo bwana saloledwa kukwiya. Chimene angachite n'kubweza za nyama ya anyani basi. Palibe mphunzitsi wa utsogoleri wa ku Atlanta kapena ku Utah amene anaganizapo za wantchito wotetezedwa ndi mwambo wotere. Kwa amayi okwezedwa msampha ndi wina: akaseka ndi anzawo monga kale, ati madamu ndi ofewa, akasiya kudya nawo nsima ya masana m'mbale imodzi, ati ayamba kudzimva.

Pamene bwana watsopano amakalambira msanga ndi pa nkhani ya maliro. Lamulo la ntchito la mu 2019 limapatsa wantchito masiku 12 pachaka olandira malipiro onse akataya mkazi kapena mwamuna wake, kholo, mwana kapena womudalira. Lamulolo ndi lomveka. Koma maliro a ku Chongwe sawerenga ndime za lamulo: amwalira amalume a mnansi, apongozi a mnzathu wa m'chilimba, nyakwawa ya mudzi umene tinagulako puloti, ndipo onsewa amafuna kuti munthu akaonekere. Kale bwana wathu ankapita nawo, atakwera kumbuyo kwa kanta, akuimba. Lero ndi iye wotsala ndi funso loti ofesi itsekedwe kapena ayi. Akakana, Lamlungu adzamva ulaliki wa anthu ouma mtima, ndipo maso onse adzatembenukira ku benchi yake. Akalola, akuluakulu a ku Lusaka adzaimba foni nthawi yomweyo imene mu ofesi mwatsala mlonda yekha. Buku linamuuza kuti chitseko chake chizikhala chotsegula kwa aliyense, iye n'kumvera; tsopano pakhomopo pamadutsa wopempha ya thiransipoti, wofuna ntchito ya mphwake, ndi wogulitsa nkhuku amene wamva kuti malipiro akwera. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mutu uwu unakula usiku umodzi, khosi lidakali lomwe lija.

Vutoli silinayambire ku Chongwe. Mu 1969 Laurence Peter anaseka mabungwe onse a padziko ponena kuti munthu amakwezedwa chifukwa chochita bwino ntchito imene ali nayo, mpaka atafika pa ntchito imene saitha, ndipo pamenepo ndi pamene amakhazikika. Anthu anaiyesa mfundoyi nthabwala, koma mu 2019 akatswiri atatu, Alan Benson, Danielle Li ndi Kelly Shue, atafufuza ogulitsa malonda zikwizikwi m'makampani oposa 100 a ku America, anapeza kuti makampani amakwezadi ogulitsa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwowo sakhala mabwana abwino. Linda Hill wa ku Harvard, amene anatsatira mabwana atsopano 19 m'chaka chawo choyamba n'kulemba buku mu 1992, anaona kuti ankayembekezera mphamvu koma anadzipeza akudalira anthu ambiri kuposa kale. Kwathu kuno n'chimodzimodzi: mphunzitsi wokhozetsa ana masamu timamuchotsa m'kalasi kuti azikangana ndi makolo za ndalama za chimbudzi, namwino wa dzanja lofewa timamupatsa ndandanda ya mashifiti. Ndipo mipando ikuchuluka. Kuchokera mu 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makomiti, makalabu ndi makopaletivu aphuka ngati bowa, ndipo lililonse lili ndi wapampando amene dzulo anali mnzathu chabe.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a kuno amadziwa bwino lomwe mmene munthu amasamutsidwira kuchoka pa udindo wina kupita pa wina. Mtsikana akamakwatiwa sapatsidwa kalata ndi makiyi a nyumba. Amakhala ndi alangizi masiku angapo, mwamuna nayenso amauzidwa zake, ankhoswe a mbali zonse amadziwana, ndipo pa tsiku lake anthu amamva ndi makutu awo kuti uyu salinso wa masewera a kale. Mfumu ikamalongedwa, akuluakulu amailangiza poyera, ndipo amalangizanso mudzi. Mfumu yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, yakhala pampando kuyambira 1971, pakati pa anthu odziwa mtundu wake wonse, ndipo chaka ndi chaka pa mwambo wa Chakwela Makumbi imaonekera pamaso pa anthu ake kupempha mvula ndi kubzala mbewu zoyamba, itazingidwa ndi nduna ndi nyakwawa. Mphamvu ya miyambo yotere ili pa chinthu chimodzi: mawu amanenedwa kwa onse nthawi imodzi. Wokwezedwa amamva zimene sayeneranso kuchita, anzake amamva zimene sayeneranso kumupempha, ndipo pali munthu wachitatu wothawirako zikavuta. Buku limalankhula ndi munthu mmodzi, usiku, magetsi akakhalapo. Mesenjala wa K300 uja sanaliwerenge, ndipo sanalonjeze kanthu kwa Covey.

Wina anena kuti ndikunyoza kuwerenga, m'dziko limene anthu akudandaula kale kuti sitiwerenga. Ayi ndithu. M'mabukumo muli zothandiza: kulemba zimene mwagwirizana, kugawa ntchito m'malo mozisenza nokha, kuyamika munthu nthawi yomweyo akachita bwino. Koma taonani zimene bwana watsopano amatolamo. Dale Carnegie mu 1936 analimbikitsa kukumbukira maina a anthu; wathuyu amadziwa dzina, mfunda, mudzi ndi matenda a agogo a wantchito aliyense, ndipo kudziwa kumeneko ndiye mtolo wake. Covey amati yambani mwamvetsa mnzanu musanafune kuti akumveni. Agogo ananena zomwezo kwaulere pa mphasa. Zimene zili zatsopano kwa iye ndi mawu, choncho amatenga mawuwo. Lolemba lachiwiri amaitanitsa msonkhano wa 7:30, n'kuuza anthu asanu ndi mmodzi amene wakhala nawo zaka khumi kuti tsopano ndi "timu" ndipo ali ndi "vishoni". Anthu amagwedeza mitu mwaulemu. Pofika Lachitatu dzina lake latsopano ndi a Vishoni, ndipo lidzamutsata mpaka pa penshoni. Winanso anena kuti sukulu zilipo, ndipo n'zoona: ku Chalimbana, m'boma lomwe lino, aphunzitsi akhala akuphunzitsidwa kuyambira 1939, pomwepo palinso Chalimbana Local Government Training Institute ya antchito a makhonsolo. Koma kosi imaphunzitsa bajeti ndi malamulo a ntchito kwa wokwezedwa yekha, ndipo akabwerako ndi satifiketi amapeza chilimba chikumudikira pomwe anachisiya.

Kutsutsa kolemera ndi uku: kodi zonsezi si njira yokometsera "wako ni wako"? Ngati bwana sangadzudzule mlamu wake, bwanji osabweretsa mlendo wochokera ku Kitwe kapena ku Mongu, wopanda ngongole ndi aliyense? Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Nthawi zina zimathandizadi, ndipo boma limasamutsa antchito ake pa chifukwa chomwechi. Koma kalumoko kamabuntha msanga. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mlendo uja wapeza tchalitchi, walowa chilimba, wagula puloti kudzera mwa dalaivala, ndipo wayamba kuitanidwa kuti alamu. Komanso ngati mpando uliwonse uzipita kwa wakunja, wa kuno adzalimbikiranji ntchito? Kukondera kumakula bwino pamene zinthu sizinanenedwe, pamene aliyense akuganiza kuti ubwenzi wakale ukadali ndi mtengo wake wakale ndipo bwana akuchita manyazi kunena kuti zasintha. Mlamu amene wamva pamaso pa anthu, kuchokera kwa wamkulu woposa onse awiri, kuti kuchedwa kwake kudzalembedwa ngati kwa wina aliyense, savuta ngati mlamu amene akuzimva koyamba kwa mwana amene anamuperekeza pa ukwati.

Choncho mlandu ndikuupereka kwa olemba makalata okweza anthu, kaya ndi kusukulu, kuchipatala, kukhonsolo, ku famu ya nkhuku kapena ku kampani ya alonda a ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Kusaina kalata ku Lusaka n'kuitumiza pa WhatsApp ndi theka la ntchito. Bwerani nokha, muitane onse, mukhale pansi ola limodzi, munene poyera zimene zasintha: ndani apereka tchuthi, maliro ati atseka ofesi ndi ati atumiza nthumwi ziwiri, madandaulo apita kwa yani bwana akalakwa. Mupatseni munthu wachikulire amene anakhalapo pampando wotere, woti azimuimbira foni popanda kuopa kuti zikalembedwa m'failo. Ndipo inu a bwana atsopano, musanakwere minibasi ya ku Cairo Road, yambani mwabweza K300 ya mesenjala. Buku lidikire malipiro atsopano akafika.