Anzeru a Kum'mawa Atsala Awiri

Disembala akalowa, mabasi ochokera ku Joni amayamba kutula katundu pa Jenda ndi pa boma la Mzimba: mabulangete, mawailesi, njinga, masofa omangidwa ndi zingwe. Katundu wovuta kwenikweni ndi amene sadulidwa msonkho pachipata cha Dedza kapena cha Mwanza, chifukwa amayenda ali m'mutu ndi m'foni. Pa nyumba ina ku Chikangawa, katundu wotereyu anafika ndi mpongozi wa pakhomopo, amene wakhala zaka zingapo akugwira ntchito m'nyumba za azungu ku Johannesburg.

Choyamba anatulutsa mtengo wa Khirisimasi wapulasitiki. Kumbukirani kuti kuno ndi ku Chikangawa, kumene boma linayamba kudzala paini mwamphamvu mu 1964 mpaka nkhalango inafika mahekitala pafupifupi 53,000, yonseyo yodikira fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Moto ndi macheka zadya mitengo yambiri, inde, komabe nthambi ya paini munthu amathyola ali panjira yopita kuchimbudzi. Apongozi aamuna, amene msana wawo unapindikira pa ntchito yocheka matabwa, anaugwiragwira mtengowo, anaununkhiza, kenako anafunsa mwaulemu kuti ukakula udzatuluka matabwa angati.

Mtengowo unali chiyambi chabe. Nkhani yaikulu inali yakuti chaka chino pa tebulo pakhale zokongoletsa zodyedwa, zopangidwa ndi ana, monga amachitira anthu a pa Facebook. Anati apanga khola la ku Betelehemu lathunthu: makoma a mabisiketi omata ndi shuga wosungunula, udzu wa nsinjiro, nkhosa za mbuliwuli, abusa a zitumbuwa, ndi anzeru a kum'mawa atatu a mandasi osanjikiza, maso a mtedza, zisoti za masuku.

Pakhomopo ana enieni alipo anayi. Thumba la shuga litangotsegulidwa anakwana khumi ndi atatu, aliyense ali ndi umboni wa ubale wake.

Agogo anakhala pakhomo la khitchini akuyang'ana osalankhula. Mayi ameneyu walera mibadwo iwiri ndi lamulo limodzi, lakuti chakudya saseweretsa. Mwana woumba ng'ombe ndi nsima ankalandira chitsinitsini pa ntchafu, ndipo wofuna kuumba ankauzidwa kuti dongo lili kudambo. Lero munthu wamkulu, wolowoledwa ndi ng'ombe zenizeni, wasonkhanitsa ana a mudzi wonse kuwaphunzitsa zomwezo, ndiponso akuwayamikira. Koma chimene chinawadzidzimutsa agogo ndi tianthu tija titayamba kuima pa thireyi, tili ndi maso. Anamuitanira mpongozi pambali.

"Amama, tizidoleti mukupanga masanasana, ana akuona. Mwalimbana ndi ndani ku Joniko?"

Mpongozi anagwada, nawaonetsa kanema wa pafoni. Agogo anaonera mpaka kumapeto, nati mzungu wa m'kanemayo akuoneka kuti analibe amayi ake pafupi.

M'kanema muja shuga amauma msanga, nyumba ya mabisiketi n'kuima njii. Kanemayo sanajambulidwe pa mapiri a Viphya m'nyengo ya dzinja. Kuno nkhungu imalowa m'nyumba osaodira, ndipo shuga amakoka chinyezi, bisiketi nayenso amamwa. Khoma lakumanzere likaima, lakumanja lagwada. Apongozi aamuna, poona kuti pafunika mmisiri, anabwera ndi tizidutswa ta matabwa n'kuchirikiza kumbuyo, motero khola lodyedwa linasanduka lodyedwa mbali imodzi.

Apa mpongozi anaika lamulo limene linawononga chuma chonse. Anati chilichonse chimene chathyoka, ana akhoza kudya. Kuyambira mphindi imeneyo ngozi zinachuluka mu Betelehemu. Abusa ankaduka makosi paokha. Nkhosa zinkathyoka miyendo imene zinalibe. Kamnyamata kena, masaya ali tuu, kanalumbira kuti ngamila inagwa yokha ndipo iko kanangoithandiza.

Panalinso munthu wa chipale, wa mandasi owazidwa shuga woyera. Ana anafunsa kuti ameneyu ali m'Baibulo pati. Mpongozi anafotokoza kuti chipale chofewa anachionadi ndi maso ake, pa 10 Julayi 2023, tsiku limene chinagwa ku Johannesburg patapita zaka zoposa khumi. Mtsikana wa Sitandade 7 anafunsa chifukwa chake chinthu cha mu Julayi chikubwera pa tebulo la Disembala, poti nakonso ku Joni Khirisimasi imakhala yotentha. Anamutuma kukatunga madzi.

Pofika m'mawa wa pa 25, chimene chinapulumuka chinaikidwa pakati pa tebulo, pansi pa nsalu yoluka. Chinatsala ndi chithunzi basi, pakuti ntchito yonseyi mwini wake weniweni ndi chithunzi. Koma foni inali kotchajitsa kwa aneba a sola.

Anthu a m'makanemawa sanaganizepo za mlendo wa ku Mzimba. Kwathu kuno chimene chaikidwa patsogolo pa mlendo ndi chake. Akachisiya wanyoza, ndipo mwininyumba akati "musadye" nkhani yake imafika ku Euthini dzuwa lisanalowe. Ndiye mapemphero a ku CCAP atatha, anatulukira mkulu wa mpingo, jekete lonyowa ndi nkhungu, atayenda wapansi kuchokera kutchalitchi. Anamukhazika ku tebulo. Mpongozi anabwera ndi madzi osamba m'manja, poganizira mpunga wa Kilombero ndi nkhuku zimene zinali pamoto. Mkuluyo anasamba, nati tipemphere.

Pemphero linali lalitali, lokumbukira odwala, a paulendo ndi a ku Joni omwe. Maso atatsegulidwa, nkhosa zonse zinali zitasowa, ndipo ana khumi ndi atatu anayankha "Ameni" ndi pakamwa potseka. Mkulu wa mpingo sanazione zimenezo. Anatambasula dzanja, nasankha wanzeru wapakati, wonenepa uja, n'kuyambira kumutu.

"Adada, chimenecho ndi chokongoletsa!" Mawu anamupulumuka mpongozi asanawagwire.

"Chakongoladi, amama," anatero mkuluyo akutafuna. "Ndipo chakoma. Yewo chomene."

M'nyumba munagwa bata. Mwamuna wa mpongoziyo anapeza chochita ndi wailesi. Ndi kamnyamata ka ngamila kaja kamene kanadandaula mokweza kuti tsopano anzeru atsala awiri, pomwe amayenera kukhala atatu. Mkulu wa mpingo anapukuta shuga pa ndevu, nakhala tsonga, pakuti nkhani inali italowa m'munda mwake. Anafotokoza kuti Mateyu, m'chaputala 2, sanawerenge anthuwo ayi. Zimene zinatchulidwa zitatu ndi mphatso, golide, lubani ndi mure, ndipo chiwerengero cha anthu tinangowonjezera tokha. Akhoza kukhala awiri, akhoza kukhala khumi. Apa sananame, ndipo agogo anavomera ndi mutu ngati kuti ankadziwa kale.

Foni inafika mpunga utatha. Ponyamuka, mkuluyo anati amayi kunyumba sakupeza bwino m'thupi, sanathe kubwera, ndipo akanakondwa kulawako luso la ana. Mpongozi anagwada, nang'amba pepala la m'kope, nakulungamo wanzeru wachiwiri pamodzi ndi munthu wa chipale.