Mmene mungagulire galimoto yopanda bulubuku n'kumagona tulo tabwino

Kwabuka matenda pakati pa abambo ena a m'tauni. Akangoona chiphapha cha Peugeot 404 kapena Datsun 120Y chitakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ya munthu, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, mtima umawagunda. Amati apeza polojekiti. Ukawafunsa za mapepala amati ndiwe wansanje. Popeza uphungu wabwino anaukana kale, tiyeni tiwapatse umene akuufuna.

Lamulo loyamba: musafunse za bulubuku, kutero n'kupanda ulemu. Wogulitsa akanena kuti linadyedwa ndi chiswe, kapena kuti lili ndi amalume ake amene anapita ku Joni, gwedezani mutu mwachifundo n'kuyamba kuwerenga ndalama. Zoti a Road Traffic amapereka bulubuku lina kwa mwini galimoto loyamba likatayika, muziiwale, chifukwa mungayambe kudabwa kuti chikumuletsa n'chiyani wogulitsayo kukalitenga yekha. Funso limeneli lasokoneza malonda ambiri okoma. Musavutikenso kupukuta dzimbiri pa nambala ya chasesi ndi ya injini. Mukapeza kuti inapalidwa mpaka kusalala, dziwani kuti mwini wake anali munthu waukhondo.

Lamulo lachiwiri, lomwe ndi lalikulu: yambani ndi penti, mapepala adzabwera okha. Peugeot 404 inasiya kupangidwa ku France mu 1975 ndipo ku Kenya mu 1991, choncho kachitsulo kake kalikonse kamafuna kusakasaka ndi thumba lolemera. Musaope. Itanitsani zipangizo ku Johannesburg, lipirani makaniko, wowotcherera ndi wosoka mipando, gulani matayala anayi atsopano, fizi ya ana idikire. Ikayamba kunyezimira, injini ikulira bwinobwino, ndi pamene mupite kukasintha umwini. Kumeneko mukamva kuti makina a MalTIS amalumikiza galimoto iliyonse ndi dzina la mwini wake, ndipo dzinalo si lanu, si la amene anakugulitsaninso ayi. Popanda kalembera palibe chiphaso cha COF, palibenso inshulansi imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu. Koma musadandaule, ana adzakhala ndi posewerera pokongola kuposa pa anzawo onse.

Lamulo lachitatu: sankhani galimoto ya malemu, makamaka yogulitsidwa ndi mphwake mkazi wamasiye asakudziwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati chumacho chiyendetsedwe ndi munthu wopatsidwa mphamvu mwalamulo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ubwino wake ndi wakuti ana a malemu sabwera galimoto ikadali pa njerwa. Amadikira mwaulemu mpaka mutamaliza kuikonza. Zina zonse n'zazing'ono: ya nambala yakunja imene inalowa pa Mwanza kapena pa Dedza msonkho wa MRA osalipidwa iguleni, dobadoba wolonjeza mapepala pofika Lachisanu mupatseni zonse lero, ndipo kupolisi kukafufuza ngati si yobedwa musapiteko, apolisi ali ndi ntchito zambiri.

Ena anganene kuti pali kalata ya mgwirizano, yosainidwa ndi mboni ziwiri, ya chidindo cha amfumu. Kalatayo imatsimikizira chinthu chimodzi, chakuti munapereka ndalama. Sitsimikizira kuti wolandirayo anali ndi mphamvu yogulitsa, pakuti munthu sangakupatse umwini umene iye alibe. Ena amati mtengo unali wotsika kwambiri moti sakanaisiya. Inde unali wotsika, ndipo anautsitsa ndi mapepala osowawo, chifukwa wogulitsa anawerengera kale mavuto amene akukusiyirani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palinso amene amati galimoto yakale chotere palibe angaibe. Akuiwala kuti ukalamba womwe wawakopa iwo unakopanso wina usiku.

Kunena zoona, izi zimakwiyitsa. Munthu amene sangagule foni ya pamsika osaiyatsa kaye amapereka ndalama za chaka chathunthu pa chinthu chimene sangatsimikize kuti n'chake, ndipo zikavuta amatukwana boma. Kulandira katundu ukudziwa kapena ukukayikira kuti ngwobedwa ndi mlandu, ndipo mawu akuti "ndinangogula" sabweza ndalama ya penti galimoto ikakokedwa kupita kupolisi.

Ngati mukufuna injini, zitseko ndi magalasi oti muike pa galimoto ina ya mapepala, gulani pa mtengo wa zitsulo, mutatsimikiza kuti si zobedwa. Koma ngati mukufuna yoyenda nayo, tengani wogulitsayo mupite naye ku Road Traffic, nambala ya chasesi ifanane ndi ya m'buku, dzina lisinthidwe, kenako muitane makaniko. Akayamba kuzemba ulendo umenewo, bwezani ndalama m'thumba muzipita kwanu.