Ndalama za a neba zili m'njira

M'dziko la Zambia mulibe ofesi imene munthu angapiteko n'kunena kuti, "Ntchito yandithera, ndipatseniko ya ufa mpaka ndipeze ina." Ku Britain zoterezi ziliko. Ku South Africa kuli thumba la UIF, limene abale athu a ku Johannesburg amalitchula ndi ulemu wonse. Kuno kwathu zikuoneka kuti anatiyang'ana n'kuona kuti ndife anthu opirira. Munthu wa mu Lusaka ntchito ikamuthera amadalira zinthu ziwiri: zimene lamulo likuti abwana amupatse pomutsanzika, ndi kagawo ka ndalama zake zomwe zimene wakhala akusonkha ku thumba la penshoni la NAPSA. Ziwiri zonsezi khalidwe lake ndi limodzi, zimakhala zili m'njira.

A neba athu a ku Kaunda Square Stage 2 anagwira ntchito yosunga makiyi a nyumba ya katundu pa kampani ina ya kumafakitale kwa zaka 11. Tsiku lina anapatsidwa kalata yoti kampani ikuchepetsa antchito. Iwo anafika pakhomo madzulo, koma nkhani inali itafika kale masana, ndipo masamu anali atachitidwa. Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limati wochotsedwa mwa njira imeneyi alandire malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira. Amayi a pakantemba, amene chenji cha K20 chimawasokoneza tsiku ndi tsiku (ndipo chimasokonekera mbali yawo nthawi zonse), anawerengera pamtima osaphethira: miyezi 22. Anawonjezapo za masiku a tchuthi, n'kuikaponso za NAPSA. Pofika pa msika wa Stage 1 chiwerengerocho chinali chitabereka kawiri.

Sindinaonepo munthu wochotsedwa ntchito akulemekezedwa chotero. A landilodi, amene moni wawo kale unali wakuti "lelo ni pa 5", anayamba kuima pageti n'kufunsa za thanzi la ana mmodzimmodzi. Anyamata a pamalo ometera tsitsi anasiya kunena kuti "ba mudala" n'kuyamba "ba boss". Kutchalitchi anawasankha kukhala wapampando wa komiti yomanga mpanda, popanda wopikisana naye. Amayi a pakantemba anatsegula tsamba latsopano m'kabuku ka ngongole, nati, "Tengani chabe ba neba, saladi, shuga, mazira, muzalipila zikabwela." Ndipo sabata isanathe mlamu wa ku Petauke anatsika basi pa Intercity atanyamula kathumba ka nshawa. Anati wabwera kudzapepesa. Anabweranso ndi pepala losonyeza mtengo wa feteleza.

A neba nawo anaulandira udindo wawo watsopano. M'mawa uliwonse amasamba, kuvala jekete, kupukuta nsapato, kupana envelopu yakhaki m'khwapa, n'kukakwera minibasi. Amadutsa pa Munali, pa UNZA, pa Manda Hill, mpaka kukatsika pa Kulima Tower, nthawi yomweyo imene ankapitira ku ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ulendowu unkawalipira pakutha pa mwezi, pamene tsopano akuulipira okha.

Ku kampani kuja mlonda wa pageti, amene anadya naye nsima mbale imodzi zaka zonsezi, tsopano amawafunsa dzina ndi kuwalembetsa m'buku la alendo. Mkati muli kamtsikana kaulemu kwambiri kamene ntchito yake ndi kupereka mayankho mosinthasintha kuti munthu asatope ndi limodzi. Lolemba: "Ba accountant bachokako pang'ono." Lachitatu: "Cheke ilipo, manje asaina ni umozi chabe, winangu ali ku Dubai." Lachisanu: "Ba boss bali mu meeting, mubwele Monday." Jekete ya a akauntanti imakhala ili pampando nthawi zonse. Ndikuganiza kuti jekete imeneyo ndiyo yoyenera kulandira mphotho ya wantchito wokhulupirika pa 1 May, chifukwa sinajombepo.

Chosangalatsa n'chakuti lamulo lija linaganizira zonsezi. Limati ndalamazo ziperekedwe pasanadutse tsiku lomaliza la ntchito, ndipo abwana akalephera, apitirize kumulipira munthuyo malipiro ake onse mpaka atamupatsa zake. A neba ndime imeneyi anaijambulitsa, ili mu envelopu, ndipo amatha kuilakatula ngakhale muwadzutse pakati pa usiku. Anapita nayo ku ofesi ya zantchito ku New Government Complex, ku Kamwala, ndipo kumeneko anawalembera kalata yoitana abwana. Pa tsiku la nkhani kampani inatumiza mnyamata wa tayi yofiira amene anavomera zonse, anapepesa kwambiri, analemba manotsi, kenako n'kunena kuti iye alibe mphamvu yolonjeza kanthu, akafotokozera akuluakulu. Akuluakuluwo anali ku Dubai.

Pamabenchi odikirira a m'tauni pali sukulu yake, ndipo ili ndi aphunzitsi. Mphunzitsi wamkulu amene a neba anakumana naye ndi mdala wa chipewa cha ubweya amene anaphunzira kudikira m'masiku amene Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, mabasi a UBZ n'kutsatira. Iye amayang'ana envelopu ya munthu n'kudziwa kuti nkhani yake ili ndi miyezi ingati. Yowongoka bwino, ndiye kuti mwini wake akadali ndi chiyembekezo ndipo amadyabe chamasana. Yofewa m'makona, yodontha mafuta a vitumbuwa, ndiye kuti munthuyo wakhwima. Malangizo ake ndi aulere: chikalata chilichonse jambulitsa katatu, choyambirira usasiye m'manja mwa munthu, dzina la amene wakulandira ulembe, ndipo usakwiye. "Mwana wanga," amatero, "ukakalipa, failo yako izapita pansi pa zinzake. Seka chabe. Ine nakhala niseka kuchokela nthawi ya ba Chiluba."

Atatopa ndi kampani, a neba anatembenukira ku khomo lachiwiri. NAPSA inayamba kugwira ntchito mu 2000, kulowa m'malo mwa thumba lakale la ZNPF, ndipo mwezi uliwonse wantchito amadulidwa 5 peresenti, abwana n'kuikapo 5 ina. Kale ndalamazi munthu ankangozimva fungo mpaka atakalamba. Koma mu April 2023 a Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola munthu kutapako 20 peresenti asanapume pa ntchito, malinga ngati wasonkha miyezi 60 kapena wakwanitsa zaka 45. Amene anali mu Lusaka masiku amenewo akukumbukira mizere ya anthu pa likulu la NAPSA ku Levy, ndi momwe malo omwera mowa anasangalalira. A neba nthawi imeneyo anakana kutapa. Ankauza anzawo kuti munthu wanzeru sadya mbewu. Tsopano mbewuyo anaifuna.

Zofunsira zake n'zapa intaneti, ndipo apa m'pamene panatulukira mphwawo wina amene anamaliza Grade 12 n'kukhala katswiri wa zonse za pafoni. Mphwayo salipiritsa amalume ake, Mulungu aletse. Amangofuna ya mabandulo, ya thiransipoti ngakhale amakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, ndi "ka drink" kochotsera fumbi kukhosi. Anatsegula akaunti, n'kupeza kuti dzina la pa chiphaso cha NRC ndi dzina limene kampani inalembetsa akusiyana chilembo chimodzi. Kalaliki wina wa zaka 11 zapitazo anaona kuti dzina la a neba likusowa "h", n'kuwapatsa mwaulere. Kuchotsa "h" ameneyo kunadya nsapato.

Dzina litakonzedwa panabuka nkhani ya nambala yachinsinsi imene imabwera pafoni. Nambala ya foni imene inalembetsedwa kalekale inali ya mayi a kunyumba, chifukwa nthawi imeneyo ya bambo inali itabedwa. Ndiye uthenga uliwonse wokhudza ndalamazi umafikira m'chitenje cha mayi. Bambo amene kwa zaka 11 sanaonetsepo pepala la malipiro kunyumba anapezeka akugogoda kukhitchini: "Amake mwana, palibe ka message kabwela?" Mayi amayankha akupitiriza kuvundula nsima: "Kabwela, adadi. Nakaona. Nakawelenga bwino bwino." Tsiku lina kauthengako kanabwera magetsi a ZESCO atapita kuyambira m'bandakucha, foni itazima, ndipo pomwe ankaitchaja kwa a neba ena a sola nthawi yake inali itatha. Anayambiranso.

Koma chimene chinawakhazika pansi a neba ndi sitetimenti. Pamapepala a malipiro, amene anawasunga onse m'sutikesi, 5 peresenti inkadulidwa mwezi uliwonse mosaphonya. Pa sitetimenti ya NAPSA panali zaka zitatu zopanda kanthu. Kampani inkadula ndithu, koma ndalamazo zinkasochera pakati pa kumafakitale ndi ku Levy, mtunda umene munthu angauyende wapansi. Kuti mipatayo itsekedwe pafunika abwana alipire zimene sanapereke, ndi chindapusa chake. Abwana ake ati? Omwe aja a jekete pampando.

Uku zikuchitika izi, ulemu wa m'mudzi unayamba kuphwa, ndipo unaphwa mwa dongosolo lake. "Ba boss" anabwerera kukhala "ba mudala". Kenako anangokhala "imwe". Ana a pamsewu anawapatsa dzina loti "ba envelopu". Funso loti "Manje zafika pati?" limene poyamba linkafunsidwa monong'ona ndi mwachikondi, linayamba kufunsidwa mokuwa kuchokera tsidya lina la msewu. Amayi a pakantemba anajambula mzere wofiira pansi pa tsamba lija. A landilodi anakumbukiranso kalendala. Komiti ya mpanda inapeza kuti malamulo ake amafuna wapampando "wopezeka pafupipafupi", ngakhale panalibe munthu wopezeka kuposa a neba. Amayi a chilimba anayamba kulumpha dzina la akazi awo mwangozi. Mlamu yekha ndiye sanasunthe, anati sangasiye abale pamavuto, ndipo nshawa zake anali atadya yekha.

Munthu mmodzi amene ulemu wake sunasinthe ndi wa kaloba. Ameneyo amavula chipewa, amafunsa za kunyumba, amati musadandaule ba boss, tengani K500 muzabweza K750 pa month end. Iye yekha mu Kaunda Square monse ndiye amapemphera kuti ndalama za a neba zichedwe.

Ine chimene chimandiseketsa n'chakuti tonsefe timanyoza maofesi kuti amachedwetsa anthu, koma thumba lenileni la malova m'dziko muno ndi ife tomwe: kabuku ka pakantemba, chilimba cha amayi, mlongo wa ku Chelstone amene amatumiza K100 pa Airtel Money ndi mawu oti "osauza alamu". Thumba limeneli silifunsa NRC ndipo sistemu yake sigwa. Vuto lake limafuna kubwezedwa ndi nkhani. Ukalandira K100 uyenera kufotokoza kuti failo ili pati, wasaina ndani, watsala ndani, ndipo ulonjeze tsiku. Munthu amatha kunama kwa abale ake mabodza omwewo amene kamtsikana ka pakampani kamamunamiza iye, mawu ake osasintha ngakhale limodzi.

Masana ena a neba akatopa amakakhala pabenchi mu Levy Junction, kumene kuli kamphepo kozizira ndipo salipiritsa kukhala. Nyumba zamalondazo ndi za NAPSA, choncho amati akuyendera katundu wawo. Amawerengera kuti mwina matailosi awiri kapena atatu a pafupi ndi chimbudzi ndi awo. Timu ya NAPSA Stars ikaluza amadandaula ngati mwini timu, ndipo mwa njira ina akunena zoona.

Kauthenga kenikeni kanafika Lachinayi lina m'mawa, m'chitenje muja. Inali 20 peresenti ya zimene zinkaoneka pa sitetimenti, zaka zitatu zija palibe. Mayi anachotsapo za lendi ndi za yunifolomu asanawauze bambo kuti kabwera. Wa kaloba anafika pageti patangopita mphindi zochepa, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kuti anamva bwanji. Amayi a pakantemba anafufuta mzere wofiira. Anyamata ometa anati "ba boss" kuyambira Lachinayi mpaka Lamlungu. Mlamu anapeza ya basi, ndi thumba limodzi la feteleza, n'kunyamuka akudandaula kuti anthu a m'tauni ndi oumira. Lolemba a neba anavala jekete n'kupana envelopu, chifukwa miyezi 22 ija ya kukampani ikadali m'njira.

Inu amene mukadali pa ntchito, pitani mukaone sitetimenti yanu ya NAPSA mwezi uno, abwana akadayankha moni wanu, ndipo muonetsetse kuti dzina lanu lalembedwa monga liliri pa NRC. Dziwaninso kuti lamulo la 2023 lija linati 20 peresentiyo amatapa kamodzi kokha. Zotsalazo munthu amazidikira mpaka zaka zopumira pa ntchito, ndipo a neba ali ndi 47.